Thandizeni: tsamba la mbiri ya Manhattan Project landisokoneza

Wofunsa:
Akuluakulu a pa gulu, ndikukonza phunziro la momwe bomba loyamba la atomiki linapangidwira, pogwiritsa ntchito tsamba la pa intaneti la Department of Energy (unduna wa zamphamvu) ya ku America lotchedwa The Manhattan Project: An Interactive History. Ndikatsata gawo la Events ndimafika 1944, kenako mutu wotsatira umandibweza ku 1942. Kodi pali chomwe ndikudumpha? Komanso m'makalata akale ndikungokumana ndi "25", "49" ndi "Site Y". Zimenezi n'chiyani?

Yankho loyamba:
Aphunzitsi, palibe chomwe mwadumpha. Kuyambira 1942 ntchito inagawika pawiri, mbali ya uranium ndi ya plutonium (zitsulo ziwiri zopangira bombalo), ndipo mbali zonse zinkayenda nthawi imodzi. Ku Oak Ridge, Tennessee, mafakitale a Y-12, K-25 ndi S-50 ankapatula uranium-235, yomwe mu uranium wokumbidwa pansi safika n'komwe gawo limodzi pa 100. Mbali ya plutonium inayambira ku Chicago, kumene gulu la Enrico Fermi linayendetsa reactor (chipangizo chomwe amasweramo maatomu a uranium) yoyamba pa 2 Disembala 1942, n'kudzafika ku Hanford, Washington. Tsambalo limayamba latsiriza nkhani ya uranium, kenako n'kubwerera m'mbuyo kukatenga ya plutonium. Jambulani mizere itatu papepala, wa Oak Ridge, wa Hanford ndi wa Los Alamos (kumene ankapangira bomba lenilenilo), muziika tsiku lililonse pamzere wake.

Pa 1944 musathamangirepo, chifukwa mpamene pagona nkhani. Gulu la Emilio Segrè linapeza kuti plutonium wochokera mu reactor ali ndi plutonium-240, yemwe amasweka yekha, choncho bomba lamtundu wa mfuti lotchedwa Thin Man likanayamba kuphulika zidutswa zisanakumane bwino, mphamvu n'kuchepa. Analisiya mu Julayi 1944 n'kutembenukira ku njira yofinya plutonium kuchokera mbali zonse. Njira imeneyi ndiyo ankaikayikira, n'chifukwa chake anaiyesa ku Trinity, malo oyesera bomba m'chipululu cha New Mexico, pa 16 Julayi 1945. Bomba la uranium lotchedwa Little Boy linaponyedwa ku Hiroshima osayesedwa.

Yankho lachiwiri:
Manambalawo ndi mayina obisa. Uranium ndi nambala 92 pa mndandanda wa maelementi, kulemera kwa atomu yake 235: tengani manambala otsiriza, mupeza 25. Plutonium ndi 94 ndi 239, ndiye 49. Site X ndi Oak Ridge, Site Y ndi Los Alamos, Site W ndi Hanford. Pofufuza Oak Ridge lembaninso Clinton Engineer Works, dzina lake la nthawiyo, apo ayi makalata ambiri akudutsani. Samalaninso ndi masiku: Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye 8/6/45 ndi 6 Ogasiti, osati 8 Juni.

Yankho lachitatu:
Achimwene, chonde ophunzira musawamane nkhani ya Shinkolobwe. Mgodi umenewu uli ku Katanga, m'dziko la Congo, pafupi ndi Likasi, ndipo uranium wambiri wa ntchitoyi unachokera kumeneko. Mu 1940 Edgar Sengier, mkulu wa kampani ya migodi ya Union Minière du Haut-Katanga, anatumiza miyala yokwana matani pafupifupi 1,200 ku Staten Island, New York, ndipo asilikali a America anaigula mu 1942. Fufuzani ndi mawu oti Belgian Congo kapena dzina la Sengier. Zimandiwawa kuti anthu a ku Congo amene ankakumba miyalayi satchulidwa kawirikawiri.

Mukafuna mawu a ogwira ntchito, pitani pa tsamba la pa intaneti la Voices of the Manhattan Project. Werengani zolembedwa m'malo mwa mavidiyo kuti bandulo isathe msanga. Ambiri ankafotokoza patapita zaka makumimakumi, choncho tsiku lililonse alitchule mulitsimikize ndi chikalata.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Nanga kalata ya Einstein yopita kwa Pulezidenti Roosevelt wa America, yomuchenjeza za bomba la atomiki? Pena alemba Ogasiti 1939, pena Okutobala.

Yankho loyamba:
Onse akunena zoona. Kalatayo ili ndi deti la 2 Ogasiti, koma Alexander Sachs anaipereka kwa Roosevelt pa 11 Okutobala, nkhondo itayamba kale ku Ulaya. Pamzere wanu ikanipo masiku onse awiri.