Masewera ophunzitsira SQL: alipo amene anayesapo?

NaBanda_ICT

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa za database ndi SQL, chilankhulo chofufuzira zinthu m'matebulo a database, pa koleji ina ya zaluso, ndipo chaka ndi chaka ana amakakamira pamalo amodzimodzi. SELECT ndi WHERE amaloweza bwinobwino, koma tikangofika pa JOIN, yolumikizira matebulo, nkhope zonse zimagwa. Ndikawapatsa matebulo awiri kuti apeze dzina la wogula kudzera pa nambala yake, amangoti kukamwa yasaa. Ndamva kuti pali masewera ophunzitsira zimenezi. Kodi amathandizadi, kapena ana amangosangalala basi? Makompyuta athu ndi akale, intaneti nayo ndi ya apo ndi apo.

Jere_waKasungu

Mayi, yambani ndi SQL Murder Mystery. Anapanga ndi a Knight Lab a ku Northwestern University ku America. Nkhani yake njakuti pa 15 January 2018 munthu anaphedwa mumzinda wopeka wa SQL City, ndipo wophunzira ndiye wapolisi wofufuza. Akatsegula tebulo la crime_scene_report amapeza kuti pali mboni ziwiri, ina imakhala nyumba yomaliza mumsewu wa Northwestern Dr. Apa mpamene ine mtima umandikomera. Palibe amene amamuuza mwana chochita, amaganiza yekha kuti nyumba yomaliza ndi ya nambala yaikulu, kenako n'kukufunsani kuti, "Madamu, ndingasanje bwanji kuyambira yaikulu?" Mukamuonetsa ORDER BY ndi DESC pa nthawi imeneyo, saiwalanso. Mboniyo imakumbukira zidutswa zokha: nambala ya pachikwama cha ku jimu yoyamba ndi 48Z, ndi nambala ya galimoto yokhala ndi H42W. Ndiye LIKE ndi %, zofufuzira zidutswa zoterezi, amazifuna okha.

Za intaneti musade nkhawa. Fayilo yake ndi ya SQLite ndipo ili pa GitHub. Ikopereni pa fulashi, muziitsegula ndi DB Browser for SQLite, yomwe ndi yaulere.

Mercy_dev

A Jere anena zoona, koma vuto la mayiwa ndi JOIN, ndipo masewerawa munthu angawamalize osalemba JOIN ngakhale imodzi. Ndawaonapo ana ochenjera: amapeza person_id (nambala ya munthu), kuilemba pakapepala, kufufuta funso la SQL, n'kulemba SELECT ina pa tebulo lina. Wakuphayo amamupeza ndithu, koma matebulowo awalumikiza ndi cholembera. Ndiye ikani lamulo: dzina lokha sililandira malikisi, mukufuna funso limodzi lotulutsa dzinalo. Izi zimathandizanso chifukwa yankho lili ponseponse pa intaneti.

Musasiyire panjira gawo lachiwiri. Wakuphayo amaulula kuti anatumidwa ndi mayi wa tsitsi lofiira, woyendetsa Tesla Model S, amene anapita ku SQL Symphony Concert katatu mu December 2017. Mawu oti "katatu" amenewo ndiwo khomo lolowera ku GROUP BY ndi HAVING COUNT(*) = 3. Sindinapezebe chitsanzo china chimene ana amamva msanga kuposa ichi.

Gogo_Chisale

Mwanawe, ine ndinapanga masewera anga. Ana anga ambiri sankadziwa kuti Tesla n'chiyani, koma banki m'khonde amaidziwa, amayi awo ali momwemo. Ndinakonza matebulo atatu: mamembala, ngongole ndi zobweza, mayina onse opeka. Nkhani njakuti tsiku logawana ndalama lafika koma m'bokosi mwaperewera. Ndani anakongola osabweza ngakhale tambala? Akayesa JOIN wamba, munthuyo satuluka, chifukwa m'tebulo la zobweza mulibe mzere wake. Amakangana, ena amati data yalakwika. Ndimawasiya avutike kaye, kenako ndimawaonetsa LEFT JOIN ndi IS NULL, dzina n'kutulukira. Phokoso lake m'kalasimo!

Tsiku limene intaneti ikuyenda, ayesenso SQL Island ya Johannes Schildgen wa ku Germany. Mmenemo wosewera wapulumuka pangozi ya ndege pachilumba, ndipo amagwiritsanso ntchito INSERT, UPDATE ndi DELETE (kuonjezera, kusintha ndi kufufuta mizere), zimene masewera a wapolisi aja saphunzitsa kwenikweni.

NaBanda_ICT

Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndiyamba ndi masewera a SQL City, ana awiriawiri pa kompyuta, ndi lamulo la a Mercy lija. Agogo, matebulo anu a banki m'khonde ali ndi mizere ingati? Ndikufuna ikhale yochuluka moti mwana asathe kupeza wosabwezayo pongoyang'ana ndi maso. Ngati n'kotheka nditumizireni fayiloyo.