Achemwali anga akuti ndakwezedwa pantchito chifukwa ndine mwamuna. Kodi n'zoona?

Bambo wa awiri:

Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu, amayi ndi abambo omwe.

Ndimagwira ntchito yosunga ndi kuwerengera katundu pakampani ina. Mwezi wathawu andikweza kukhala woyang'anira gawo lathu. Tinafunsira udindowo anthu awiri, ine ndi mayi wina amene ndinamupeza pantchitopo. Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa ntchito nditangofika. Anandionetsa kalembedwe ka katundu wolowa ndi wotuluka, kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta, mpaka momwe umadziwira kuti katoni yasowa pongoona kasanjidwe ka katundu mugalimoto. Chaka chatha anapita kutchuthi chauchembere, ndipo atabwerako ankaweruka nthawi ikangokwana chifukwa ankayenera kukatenga mwana. Ine galimoto ikachedwa ndinkatsalira mpaka usiku. Pa intavyu mabwana anachita kunena poyera kuti akufuna munthu wopezeka nthawi ina iliyonse.

Nditawauza achemwali anga anakondwera nane, koma kenako anati: "Ukudziwa kuti wakwezedwa chifukwa ndiwe mwamuna? Uli ndi mwayi womwe mayiyo alibe." Mawu amenewa anandilasa mtima. Bambo athu anamwalira ndili wamng'ono, sukulu ndinaphunzira movutikira, masiku ena ndinkalowa m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Achemwaliwo akudziwa zonsezi chifukwa tinavutikira limodzi. Palibe amene anandiikira kanthu m'manja. Maola ausiku aja ndinawagwiradi ine, thukuta lake ndi langa.

Sinditsutsa zoti amuna ndi akazi azionedwa mofanana. Ndili ndi mwana wamkazi ndipo ndikufuna adzapite patali. Koma kodi munthu wokulira mu umphawi ngati ine angauzidwe bwanji kuti ali ndi mwayi? Ndipo ngati achemwali anga akunena zoona, ndiye kuti ndinayenera kukana udindowo?

Namwino wa usiku:

Achimwene, ndikuyamikireni kaye pa kukwezedwako. Sindikukayika kuti munagwira ntchito molimbika. Koma ndili ndi funso limodzi. Masiku amene munkadikira galimoto mpaka usiku, ana anu awiri anali ndi ndani? Anawasambitsa ndani, anawagoneka ndani? Nanga wina akatentha thupi ali kusukulu, aphunzitsi amaimbira foni ya ndani?

Mukayankha funso limeneli mupeza pamene pagona nkhani ya achemwali anu. Inu munkatha kupezeka nthawi ina iliyonse chifukwa kunyumba kunali munthu amene sankatha kuchokako. Mnzanu uja munthu woteroyo analibe, chifukwa kunyumba kwake munthu woteroyo ndi iye mwini.

Ine ndimagwira ntchito usiku m'wodi. Tikaweruka m'mawa, mnzanga wamwamuna amati akupita kukagona, ndipo amakagonadi. Ine ndikafika ndimayamba ndaona ngati ana adya, ngati yunifolomu yamawa yachapidwa, ngati apongozi amwa mankhwala awo a BP. Ndimagona maso ali ofiira kale, foni ili pambali pa khutu. Usiku tikakumananso m'wodi, iye amakhala wamphamvu, ine ndili lefulefu, ndipo abwana akamasankha wopita kumaphunziro amaona zimenezo.

Si nkhani ya m'nyumba mwanga mokha. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza kuti pa maola 100 alionse a ntchito yosalipidwa yosamalira pakhomo, ana, odwala ndi okalamba, maola 76 amagwira ndi akazi. Pa tsiku, mkazi amathera maola 4 ndi mphindi 25 pantchito imeneyi, mwamuna ola limodzi ndi mphindi 23. Claudia Goldin, katswiri wa zachuma wa ku yunivesite ya Harvard ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023, anafufuza mbiri ya malipiro kwa zaka zambiri. Anaonetsa kuti m'maiko olemera masiku ano kusiyana kwakukulu kwa malipiro kuli pakati pa mwamuna ndi mkazi ogwira ntchito ya mtundu umodzi, ndipo kumayamba makamaka mwana woyamba akabadwa. Anafotokozanso kuti ntchito zambiri zimalipira mopambanitsa munthu amene angaitanidwe nthawi iliyonse, ndiye m'banja mmodzi amatenga ntchito yoteroyo, wina n'kubwerera m'mbuyo kuti aziona ana. Wobwerera m'mbuyoyo kawirikawiri amakhala mayi. Mawu amene mabwana anu ananena pa intavyu ndi omwewo ndendende.

Achemwali anu sanakunyozeni. Mwina anangofulumira kulankhula tsiku lachisangalalo.

Dalaivala wa mathiraki:

Ine ndikuona mosiyana pang'ono, ndipo mundikhululukire amayi. Nkhani zimenezi zikayamba, mwamuna amangouzidwa kuti ali ndi mwayi, basi, akhale chete. Koma ndani amawerenga zimene mwamuna amasenza? Ine ndimakhala panjira milungu yathunthu, kugona mukabini, msana unatha kalekale. Mwana wanga woyamba anayamba kuyenda ine kulibe, ndinaonera pafoni. Amenewo ndi mwayi?

Bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti padziko lonse amuna odzipha ndi ochuluka kuposa akazi kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Mwa anthu ophedwa ndi anzawo, pafupifupi 8 mwa 10 alionse ndi amuna. Ku America, mwa anthu ofera pantchito, oposa 90 pa 100 alionse ndi amuna, chifukwa ndi amene amadzaza m'migodi, pa zomangamanga ndi m'misewu. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, amuna a zaka 18 mpaka 60 analetsedwa kutuluka m'dzikomo. Mwamuna ntchito ikamuthera, ulemu wake umatha tsiku lomwelo, ngakhale m'nyumba mwake. Akalira amauzidwa kuti alimbe mtima.

Achimwene, udindowo musaukane. Munaugwirira ntchito. Inunso munalipira mtengo wake, chifukwa usiku umene munali kudikira galimoto ndi usiku umene ana anu anagona osakuonani.

Mphunzitsi wopuma:

Bambo wa mathiraki, zimene mwanenazo n'zoona ndipo palibe ayenera kuzipeputsa. Ndinaphunzitsa anyamata ambiri amene anasiya sukulu chifukwa anauzidwa kuti mwamuna azibweretsa ndalama, ndipo ena a iwo ndinaperekeza maliro awo akadali aang'ono. Koma taonani kumene mavuto anuwo akuchokera. Maganizo akuti ntchito ya mwamuna ndi kusaka ndalama basi ndi omwewo amene amati ntchito ya mkazi ndi kulera basi. Ndi amene anakuikani inu mukabini mwana akuyamba kuyenda, ndipo ndi omwewonso amene anamuchotsa mayi uja pamzere wokwezedwa. Choncho ine sindikuona kuti inu ndi anamwino mukukangana.

Tsopano kwa inu bambo mwafunsa. Vuto lili pakuti mukumva ngati akuti moyo wanu unali wofewa. Ayi. Umphawi unakupanikizani kwambiri, ndipo mtsikana wobadwira m'banja lolemera ali ndi zambiri zimene inu munalibe. Koma musadziyerekeze ndi iyeyo. Dziyerekezeni ndi achemwali anu omwewo, amene munakulira nawo nyumba imodzi, njala imodzi. Mutaweruka kusukulu, ndani ankayamba ntchito zapakhomo pamene wina akutsegula mabuku? Ndalama ya fizi ikanakwanira mwana mmodzi yekha, akanasankhidwa ndani? Ine sindikudziwa za kwanu, mukudziwa ndinu. Munthu angathe kupanikizidwa mbali imodzi n'kukhala womasuka mbali ina.

Nkhani yotereyi inafikapo mpaka kukhoti. Amayi asanu achikuda ku America anasumira kampani ya General Motors chifukwa chochotsedwa ntchito. Mu 1976 khoti linakana kuona dandaulo lawo monga la anthu amene ndi akazi komanso achikuda nthawi imodzi, linati tsankho la mtundu ndi tsankho la pakati pa amuna ndi akazi zionedwe padera. Koma kampaniyo inkalemba akazi achizungu, inkalembanso amuna achikuda, ndiye amayiwo anagwera pakati. Katswiri wa malamulo Kimberlé Crenshaw analemba za mlandu umenewu mu 1989 pofuna kuonetsa kuti zinthu zopanikiza munthu zimakumana pamodzi, ndipo ukayang'ana chimodzi chokha suona bwino. Kwa inu n'chimodzimodzi: umphawi unakutsekerani zitseko zambiri, koma chitseko ichi cha intavyu chinatseguka mosavuta kwa inu kusiyana ndi mnzanu.

Achinyamata amaganiza kuti izi n'zakale kwambiri. Ku France, mkazi wokwatiwa analoledwa kugwira ntchito ndi kutsegula akaunti kubanki popanda chilolezo cha mwamuna wake mu 1965. Ku Switzerland akazi anayamba kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1971. Ine ndinali nditabadwa kale. Malamulo amasintha tsiku limodzi, koma zimene mabwana amaganiza akaona mayi wa khanda zimachedwa kusintha.

Ndipo zimathekadi kusintha. Pa 24 October 1975 akazi a ku Iceland, pafupifupi 90 pa 100 alionse, anasiya ntchito zonse tsiku limodzi, za kuofesi ndi zapakhomo zomwe. Abambo ambiri anapita kuntchito atatenga ana. Patatha zaka zisanu dzikolo linasankha mayi, Vigdís Finnbogadóttir, kukhala pulezidenti. Ku Sweden, mu 1974 anakhazikitsa tchuthi cholera khanda choti bambo ndi mayi azigawana, koma abambo amene ankachitenga anali ochepa kwambiri. Mu 1995 anapatula mwezi umodzi woti bambo akapanda kuutenga uzingotayika, kenako anawonjezera, ndipo lero kholo lililonse lili ndi masiku 90 akeake. Abambo anayamba kutenga. Kumeneko bwana akamalemba ntchito mnyamata amadziwa kuti nayenso tsiku lina adzachoka kukalera. Bambo wa mathiraki, lamulo lotere likanakuthandizani inuyo poyamba.

Bambo wa awiri:

Zikomo nonse. Amayi anamwino, ndiyankhe funso lanu: ana anali ndi mayi awo. Iwonso ali pantchito, amaweruka madzulo n'kuthamangira kunyumba, ndipo foni imene aphunzitsi amaimbira ndi yawo. Za achemwali anga, agogo mphunzitsi, ndi iwo amene ankatiphikira amayi akapita kukasaka ndalama, ndipo sukulu anaisiyira panjira.

Ndikuonabe kuti ntchitoyi ndimaitha ndipo sindiisiya. Koma tsopano ndandanda ya mashifiti ndikulemba ndine, ndipo mayi uja ali pansi panga. Timangopatsana moni wouma. Ndichite chiyani chenicheni, osati kungomumvera chisoni?

Namwino wa usiku:

Chisoni sachifuna, ndipo musapite kukapepesa ngati munamubera. Yambani ndi ndandanda yomweyo. Galimoto zochedwa zisamagwere munthu amene wangopezeka pafupi. Lembani mashifiti ausiku mwezi usanayambe kuti aliyense adziwiretu tsiku lake, chifukwa mayi wa khanda angathe kutsalira usiku ngati wadziwa msanga n'kukonza womusiyira mwana. Chimene sangathe ndi kuuzidwa nthawi yoweruka itatsala mphindi khumi. Misonkhano muziika mkati mwa maola antchito. Mukamalemba malipoti a kagwiridwe ka ntchito, lembani zimene munthu wachita: katundu amene wawerengera, zolakwika zimene wagwira, anthu amene waphunzitsa. Ola limene watulukira pakhomo lisalowemo.

Mabwana akamayamikira gawo lanu, tchulani dzina lake pa zimene wachita iye, ndipo muwauze kuti ndi iye anakuphunzitsani. Kukatuluka maphunziro kapena udindo wina, mumufunse mwini wake ngati akufuna. Musamuganizire kuti sangakwanitse chifukwa cha mwana, ambiri a ife tinadumphidwa mwa njira imeneyi ndi mabwana amene ankati akutichitira chifundo. Ndipo kusukulu kwa ana anu, perekaninso nambala yanu, muwauze aphunzitsi kuti masiku ena aziyamba kuimbira inu.