Ndithandizeni kupeza mbiri ya sukulu yathu yapulayimale

Moni aphunzitsi anzanga, makolo ndi akuluakulu nonse a m'gulu lino.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina yapulayimale, ndipo ndimayang'anira kalabu ya utsogoleri imene imakumana Lachitatu lililonse ana akaweruka. Muli ana 24 a zaka zapakati pa 10 ndi 13, amene amasankha okha wapampando, mlembi ndi msungichuma wawo. Teremu ino anagwirizana zolemba mbiri ya sukulu yathu kuti akaiwerenge pamaso pa makolo tsiku lotsekera, koma tathedwa nzeru chifukwa chaka chimene sukuluyi inatsegulidwa sichikupezeka.

Tinayambira mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, momwe tinapeza kaundula wakale wa ana, koma masamba oyambirira anadyedwa ndi chiswe. Ndinalemba kalata ku ofesi ya maphunziro, ndipo patha miyezi iwiri popanda yankho. Anawo anachezanso ndi agogo atatu amene anaphunzira pano, mlembi wawo akulemba zonse m'kope mosamala, koma aliyense anatchula chaka chake, ndipo awiri anasiyana ngakhale pa dzina la mphunzitsi wamkulu woyamba. Sindikufuna kuti anawa angosankha chaka chowasangalatsa, pakuti cholinga cha kalabuyi n'kuwaphunzitsa kulankhula zoona pagulu.

Kodi zikalata zosonyeza kukhazikitsidwa kwa sukulu zimasungidwanso kuti, kupatula ku ofesi ya maphunziro? Nanga inu amene munagwirapo ntchito yotere ndi ana, munatani pamene mboni zinatsutsana chonchi?