Phewa likubaya ndikakweza mkono, kodi a physio angandithandizedi?

Kalipentala wa ku Glen View:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimakhoma mipando ndi mawadiropu pa Area 8. Tsiku lina tikukweza wadiropu mulole, katundu yense anatsamira mbali yanga mkono wamanja uli m'mwamba, ndipo ndinamva chinachake chikukoka mkati mwa phewa. Silinatupe kwenikweni. Koma kuchokera pamenepo, mkono ukangofika pa msinkhu wa phewa ululu umabaya, ndikapirira n'kuukweza mpaka pamwamba umachepako. Kuvala malaya n'kovuta, kupisa dzanja m'thumba lakumbuyo sindingathe, ndipo usiku ndikagonera mbali imeneyo ndimadzidzimuka.

Kukiliniki anandijambula X-ray, anati mafupa ali bwinobwino, n'kundipatsa ibuprofen ndi kalata yopita kwa a physio, ochititsa mafizo. Apongozi akuti ndikatemetse mphini, anzanga kuntchito akuti ndingomanga mkono ndi nsalu upole wokha. Ndalama n'zovuta ndipo ana amadya kuchokera m'dzanja lomweli. Mafizo amachiritsadi? Nanga muno mu Harare ndipite kuti?

Mayi a ku Mufakose:
Achimwene pepani ndithu. Chonde mkonowo musaumange kwa nthawi yaitali. Phewa langa linayamba chomwecho, ndinkaliteteza osaligwedeza, mapeto ake linauma gwa, moti mpango kumutu ankandimanga ndi mwana wanga. Adokotala anati ndi frozen shoulder, ndipo imakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka ife odwala shuga. Imatha kutenga chaka kapena kupitirira isanamasuke. Ngati simunayezetsepo shuga, kayezetseni. Zipatala zikuluzikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe zili ndi mbali ya physio, komanso pali chipatala cha St Giles ku Milton Park. Mutenge kalata yanuyo, ndipo mufunsiretu mtengo musanakwere kombi.

Mphwanu wa ku Highfield:
Bambo, ine ndimagwira ntchito yothandiza anthu ovulala kuti ziwalo zibwerere mwakale, ndiye ndilankhuleko mwatsatanetsatane, ngakhale kuti sindingakuyezeni pafoni. Phewa limagwiridwa ndi minofu 4 yotchedwa rotator cuff, imene imasunga mutu wa fupa la mkono m'malo mwake. Umene umavulala kawirikawiri ndi wa pamwamba, supraspinatus. Zimene mwafotokoza, kuti ululu umakula chapakati pokweza mkono n'kuchepa pamwamba, zimachitika kwambiri mnofu umenewu ukavulala kapena ukamapanikizika pansi pa fupa. X-ray imaonetsa mafupa okha, choncho kunena kuti mafupa ali bwino sikutanthauza kuti mulibe bala mkati. Minofu imaoneka pa makina ena ojambulira otchedwa ultrasound kapena MRI, koma nthawi zambiri wa physio amadziwa zambiri pongokugwirani ndi kukuuzani kuti mukankhe dzanja lake.

Anthu ambiri ovulala motere amachira popanda opaleshoni, koma zimafuna milungu 6 mpaka 12 ya mafizo a tsiku ndi tsiku, ndipo ena amapitirira apo. Ntchito yaikulu imachitikira kunyumba kwanu. Kuchipatala mumapita kukaphunzira ndi kukaonetsa mmene mukuyendera, ndiye auzeni poyera kuti thumba silikulolani kubwera pafupipafupi, akupatsani zochita panokha.

Poyambira timakonda izi. Weramani, dzanja labwino litsamire patebulo, mkono wovulalawo ulendewere momasuka, kenako muziugwedeza pang'onopang'ono mozungulira pogwiritsa ntchito thupi, osalimbitsa phewa. China, gonani chagada, gwirani mtengo wa tsache ndi manja onse, mkono wabwino uzikweza wovulalawo kulowera kumutu. Mukhozanso kuima moyang'ana khoma zala zikukwawa m'mwamba mpaka pamene mwamva kukoka. Kukoka pang'ono n'kololedwa, koma ululu wobaya kapena wokhalitsa mpaka m'mawa mwake ukusonyeza kuti mwapyola. Zolimbitsa minofu ndi mphira zimabwera pambuyo pake, chigongono chili chogunda m'nthiti, ndipo chubu chakale cha njinga chimagwira bwino ntchito imeneyi.

Koma ngati mkono ukukanikiratu kukwera, kapena ukugwa wokha mukamautsitsa, kapena zala zachita dzanzi, bwererani kwa dokotala msanga. Mnofu ukadukiratu, kuchedwa kumavutitsa posoka.

Amalume a ku Mbare:
Ine ndinanyamula matumba a mbatatesi pa Mbare Musika mpaka mapewa anatopa, ndiye ndikukumvetsa mphwanga. Za mphinizo apongozi akunena mwachikondi, koma lezala limangocheka khungu, bala lili mkati. Ibuprofen usamwe pamimba yopanda kanthu, amakanda m'mimba, ndipo usamukhalitse osafunsa dokotala. Pogona gonera mbali yabwino, ukumbatire pilo kuti mkono wovulalawo utsamirepo. Ngati uli pa ntchito yolembedwa ndipo abwana amalipira ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi ngozi za pantchito, ngoziyo ilembedwe msanga, chifukwa pali thandizo la ovulala pantchito.

Kalipentala wa ku Glen View:
Zikomo nonse. Amalume, ine ndimadzigwirira ndekha, ndiye za NSSA sizindikhudza. Mkono ukukwera ndithu ngakhale ukuwawa, dzanzi palibe. Ndipita ndi kalatayo Lolemba. Aphwanga a ku Highfield, nanga ntchito ndisiyiretu? Pali oda ya mabedi imene ndinalandira kale dipoziti.

Mphwanu wa ku Highfield:
Musasiyiretu bambo, koma musankhe zochita. Kuyeza, kulemba mizere, kumata guluu ndi kupaka vanishi pa benchi yofika m'chiuno mukhoza, chigongono chikhale pafupi ndi thupi. Kupala matabwa, kukhoma misomali m'mwamba ndi kukweza katundu mulole musiyire anyamata kufikira wa physio atakulolani. Mukaweruka phewa likamatentha, ikanipo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15. Lolembalo muwafotokozere bwino mmene mumagwirira puleni ndi hamala, kuti mafizo akewo agwirizane ndi ntchito yanu.