Kodi graphene ingayeretsedwe bwanji ikakhala kale pa chip ya CMOS?

Akatswiri ndi ofufuza anzanga, ndikupempha thandizo lanu pa kafukufuku wathu wa kuyunivesite, amene cholinga chake ndi kuika sensa yozindikira mpweya, yopangidwa ndi graphene (kaboni wopyapyala kwambiri, wokhuthala ngati atomu imodzi yokha), pamwamba pa chip ya CMOS (kachipangizo kakang'ono kamagetsi kopangidwa ndi silicon). Graphene yabwino imapangidwa pa kopa pa kutentha kwa madigiri Celsius pafupifupi 1000, pomwe chip yomalizidwa kale imayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 400, choncho sitingaipangire pa chip pomwepo. Ambiri amaisamutsa kuchoka pa kopa kupita pa chip pogwiritsa ntchito PMMA (mtundu wa pulasitiki), koma zotsalira za PMMA zimamatirira pamwamba pa graphene n'kusokoneza kagwiridwe ntchito ka sensa, ndipo kwa ine vutoli ndi lalikulu kuposa ming'alu imene imabwera pa graphene poisamutsa. Kodi alipo mwa inu amene anapezapo njira yochotsera zotsalirazi popanda kuwononga mawaya achitsulo a mu chip?