Kodi bulaketi ya TV ingagwire pakhoma la njerwa zomangira dothi?

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndagula bulaketi yopachikira TV ya mainchesi 43, koma nyumba yathu inamangidwa ndi njerwa zowotcha zomangira dothi, ndipo simenti ili m'pulasitala mokha. Kodi khoma lotere lingasenze katunduyu?

Mmisiri wa ku Ndirande:
Lingasenze ndithu amayi, malinga muboole pakati penipeni pa njerwa, osati pamzere wa dothi, chifukwa dothilo limafumbutuka ndipo sikuluwu imayamba kugwedera mpaka kuzuka. Pulasitala payekha sagwira kanthu, choncho mapulagi a mamilimita 10 alowe mozama mpaka m'njerwa momwe. Ngati bulaketiyo ili ndi mkono wotambasuka, ine sindingakulimbikitseni, popeza TV ikatalikira khoma, masikuluwu apamwamba amakokedwa mwamphamvu kwambiri.

Bambo wa ku Area 25:
Musanaboole, yezani kutalikirana kwa mabowo anayi a kumbuyo kwa TV, chifukwa amatsata muyezo umene opanga ma TV anagwirizana wotchedwa VESA, monga mamilimita 200 m'litali ndi 200 m'lifupi, ndipo bulaketi iyenera kugwirizana nawo. Musaboolenso molunjika pamwamba pa soketi, poti mawaya amagetsi kawirikawiri amadutsa pomwepo.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo abambo nonse. Yanga ilibe mkono, ndi yomamatira kukhoma.