Kodi alipo amene amafufuza mabodza a pa intaneti kapena timangovutika tokha?

Mwana wa ku Matero:
Abale, gulu lathu la banja pa WhatsApp latopetsa, malume anatumiza kavidiyo ati anthu akumenyana ku Kanyama, amayi mtima phaa, kenako tapeza kuti ndi kakale komanso si ka ku Zambia. Alipo amene amagwira ntchito yothana ndi zimenezi?

Amake Dalitso:
Alipo mwanawe. Kuno kuli iVerify Zambia, inayamba mu 2021 masankho ali pafupi, a Panos Institute Southern Africa mothandizana ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko. Amaifufuza nkhaniyo nkunena ngati ndi yoona kapena boza. Koma malume ako sangapite kukawerenga, nawadziwa anthu otere.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Kunja kuli GIFCT, bungwe lolimbana ndi zinthu za zigawenga pa intaneti, anaiyambitsa mu 2017 a Facebook, Microsoft, Twitter ndi YouTube. Vidiyo ya zigawenga ikapezeka kwina amaipangira kachizindikiro ngati chidindo cha chala nkugawana, ndiye wina akaiikanso kompyuta imaizindikira. Amathandizanso GNET, gulu la ofufuza za uchigawenga pa intaneti, ku King's College London. Pambuyo pa kuphedwa kwa anthu 51 m'mizikiti ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, mu 2019, wakuphayo akuonetsa pa Facebook, nkhaniyi inakula zedi. Vuto langa ndi chilankhulo, makinawo Chingerezi amamva, nanga mawu achidani a m'Chinyanja cha mumsewu, ojambulidwa pa foni, awamva ndani?

Mwana wa ku Matero:
Eeh aphunzitsi ndiye UNZA ilowepo basi. Manje malume ndiwauze bwanji osakwiya?

Amake Dalitso:
Aimbire foni pawekha, usawachititse manyazi pagulu.